Chimbale cha pop ya glam kwa woyimba wamkazi amene wachoka mu bandi: tiyambire pati kuno ku Chipata?

Mlongo_wa_Woyimba:

Moni akuluakulu a m'bwalo lino. Mlongo wanga wakhala akuyimba kumbuyo mu bandi ina kuno ku Chipata kwa zaka 5, ndipo tsopano akufuna kuyima payekha ndi chimbale chakechake. Ine ndi amene ndikumuyendetsera zinthu. Nyimbo zolembedwa zilipo 9, zambiri m'Chichewa, ziwiri zosakaniza ndi Chizungu. Kumene aliyense akuthamangira masiku ano, ku amapiano ndi Afrobeats, iye sakufunako. Mtima wake uli pa pop yokhala ndi kakomedwe ka glam: ng'oma zolemera ngati anthu akuponda pansi, kuomba m'manja, gitala yokalipa, ndi kolasi yoti khamu liziyankha.

Zipangizo zomwe tili nazo ndi laputopu yokhala ndi pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio, interface (kabokosi kolumikiza maikolofoni ndi gitala ku laputopu) ya mabowo awiri, maikolofoni imodzi ya condenser, maikolofoni ina ya SM57, gitala yamagetsi ndi amp yaing'ono. Chipinda ndi cha mamita 3 kwa 4, pansi pa simenti, denga la malata. Tinajambula nyimbo ziwiri zoyeserera koma sizinatikomere. Ng'oma zikumveka zopyapyala ngati za mu kiyibodi ya ku tchalitchi, gitala ikumiza mawu ake, ndipo akafika pa kolasi akumveka ngati akukuwa osati kuyimba. Tikulakwitsa pati? Komanso nyimbo zitatu mwa zimenezi anazipeka adakali mu bandi ndipo ankaziyimba nawo m'madansi. Angaziike pa chimbale chake?

Wang'oma_Kapata:

Akulu, nyimbo zanuzo sindinazimve koma matenda ake ndawadziwa. Ng'oma munazitenga m'kompyuta, munaziyika pa mzere ndendende, ndiye kuomba m'manja munatenga kamodzi n'kukopera kanayi. Sichoncho?

Glam inabadwira ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndi magulu ngati T. Rex ya Marc Bolan, Slade, Sweet, Roxy Music ndi David Bowie. Amene nkhani yake ikufanana ndi ya alongo anu ndi Suzi Quatro wa ku Detroit, yemwe ankayimba mu bandi ndi azichemwali ake, n'kutengedwa yekha ndi wokonza zimbale Mickie Most kupita ku England mu 1971, ndipo mu 1973 anafika pa nambala 1 kumeneko, gitala ya besi ili m'manja. Zakazi ndazitchulira dala. Nthawi imeneyo kunalibe zokopera ndi kumata pa kompyuta. Ukafuna manja ambiri unkaitana anthu, ndipo magulu ena ankachita kukhazika oyimba ng'oma awiri. Kulemera kumene mukukufunako kumachokera pa kusiyana pang'onopang'ono kwa anthu enieni, wina kufulumira pang'ono, wina kuchedwa. Mukakopera mawu amodzi omwewo n'kuwaika pamwamba pa anzake, mumangokweza phokoso ndi 6 dB, kukula ayi.

Yambani ndi kayendedwe. Liwiro likhale pakati pa 120 ndi 132 BPM (kugunda pa mphindi imodzi). Mayendedwe a glam alipo awiri. Koyamba ndi kowongoka: kick (ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi) pa kugunda kulikonse, snare (ng'oma yaing'ono yothetheka) ndi manja pa kugunda kwa 2 ndi 4. Kachiwiri ndi kotsimphina, shuffle, pamene kugunda kulikonse kumagawidwa patatu n'kumenya gawo loyamba ndi lachitatu, lapakati kulisiya. Mu FL Studio ikani snap pa 1/3 beat, musadalire swing yokha. Kayendedwe kachiwirika ndi kamene gulu la Goldfrapp linabwezeretsa mu pop ya makina cha m'ma 2003 mpaka 2005, ndipo kwa ife sikachilendo chifukwa magule athu ambiri amayenda patatupatatu kale. Pa nyimbo 9, ndikanaika zitatu pa shuffle. Zikachuluka, chimbale chimatopetsa msanga.

Hi-hat (timbale tiwiri tachitsulo tija) ichepetseni kwambiri, pa mavesi ena muichotseretu. Ntchito yake ipatseni floor tom (ng'oma yokulirapo yoima pa miyendo), yoyenda limodzi ndi kick. Ngati mungabwereke floor tom yeniyeni, masulani chikopa chake mpaka chitatsala pang'ono kuchita makwinya, yalani kachidutswa ka chitenje m'mbali mwake kuti isalire nthawi yaitali, SM57 ikhale masentimita 5 kuchokera pa chikopa, yoloza pakati. Ng'oma yathu yachikopa yaikulu imagwiranso ntchitoyi bwino ikamenyedwa ndi ndodo yokulunga nsalu kumapeto, bola isawambidwe pa moto kwambiri. Mukufuna kuti izibuula, osati kulira mokwera.

Tsopano mgugu wa mapazi, pamene pagona nkhani yonse. Simenti yanuyo ndi yakufa, mukaiponda mungomva kuti phwa. Gulani thabwa la plywood la mamilimita 18, lija la mamita 1.2 kwa 2.4. Yalani bulangete pansi, ikani matabwa awiri ochindikala m'litali, plywood pamwamba, kuti pansi pakhale mphako. Anthu anayi ovala majombo kapena nsapato zolimba kunsi, osati mapatapata, aziponda pa kugunda kulikonse. SM57 ikhale masentimita 30 kuchokera m'mphepete mwa thabwa, condenser ikhale mamita awiri kutali, msinkhu wa pachifuwa. Jambulani katatu, anthu akusinthana malo ulendo uliwonse. Ulendo umodzi ukhale pakati, wina kumanzere, wina kumanja. Chenjerani apa: mawu amayenda pafupifupi masentimita 34 pa millisecond imodzi, ndiye maikolofoni yakutali imamva mochedwa ndi 5 kapena 6 ms. Mukaphatikiza ziwirizo n'kuona kuti besi yathawa m'malo mowonjezeka, tembenuzani phase ya imodzi kapena isuntheni pa kompyuta mpaka mafunde agwirizane. Amene anapitako ku Mtenguleni pa Nc'wala akudziwa kuti mgugu wa impi ndi manja a amayi zimanyamula nyimbo mpaka nthaka kunjenjemera. Mukhale ndi chimenecho m'khutu pojambula.

Manja nawo chimodzimodzi: anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, mita imodzi ndi theka kuchokera pa condenser, maulendo atatu. Ena aombe ndi zikhatho zofumbata kuti pamveke mawu onenepa, ena zotambasula kuti pathetheke. Dulani zonse za pansi pa 250 Hz. Musawongole pa mzere. Amayi ozolowera chitelele mukawasiya okha adzayamba kulukana manja m'malo moomba pa 2 ndi 4 basi. Musawaletse, jambulani zonse ziwiri, zolukanazo mudzaziika pa kolasi yomaliza ndipo ndi zimene zidzasiyanitse chimbale chanu ndi cha munthu wa ku London.

Chomaliza ndi slapback, delay yaifupi yobwereza kamodzi kokha, feedback pa 0, nthawi yake pakati pa 80 ndi 120 ms. Kuti igwirizane ndi liwiro, gawani 60,000 ndi BPM kenako ndi 4. Pa 128 BPM mupeza 117 ms. Ikani pa snare, pa manja ndi pa mawu. Reverb yaitali pa ng'oma zimenezi imasandutsa zonse phala.

Mathireyi a mazira aja anthu amakhoma m'makoma a situdiyo sathandiza kanthu, amangosunga mphemvu. Matiresi oimika m'ngodya ziwiri ndi mabulangete olendewera kusiya mpata wa masentimita 10 kuchokera pa khoma ndiye amagwira ntchito. Ndipo ndi denga la malatalo, zonse zofuna maikolofoni muzimalize mvula isanayambe mu Novembala.

Nsambo6:

Ndiwonjezere za gitala. Siikumiza mawu chifukwa yakwera kwambiri ayi, koma chifukwa gitala yokalipa ndi mawu a mzimayi zimakhala malo amodzi, pakati pa 2 ndi 4 kHz. Mukatsitsa gitala yonse nyimbo imafooka, mukaikweza mawu amasowa. Mankhwala ake ndi atatu. Chepetsani gain (chokalipitsa gitala) pa amp kufika theka la pamene mukuganiza kuti m'pokwanira, chifukwa gain yambiri imaphwanya kamenyedwe n'kusiya kusokosera kokha. Jambulani gawo lomwelo kawiri, kumenya kawiri kwenikweni, lina kumanzere kotheratu lina kumanja kotheratu, pakati pakhale pa woyimba yekha. Kenako dulani 2 kapena 3 dB pa 3 kHz pa magitala onse awiri, ndi zonse za pansi pa 100 Hz kuti besi ipume.

Koma mankhwala oposa onsewa ali m'kapekedwe. Woyimba akamayimba mzere, gitala izingogwira nsambo ziwiri zakumunsi mofinya ndi chikhatho. Iye akapuma, gitala iyankhe. Kupolokozana kumene, monga amachitira wotsogolera nyimbo ndi gulu.

SM57 ikhale masentimita 3 mpaka 5 kuchokera pa nsalu ya amp, osaloza pakatikati pa sipika koma pambali pang'ono, pakati pamabaya makutu. Nsambo zikhale zatsopano, zoikidwa dzulo lake kuti zikhazikike, ndipo yesani pa fret ya 12 ngati mawu akufanana ndi a nsambo yosagwira. Zikasiyana, magitala awiri aja adzamveka ngati akukangana.

Za fuzz, kachipangizo kokalipitsa gitala mpaka kusasa, musapite kutali kukafuna chitsanzo. Zamrock, rock yathu ya ku Zambia ya zaka za m'ma 1970 zomwezo, WITCH, Amanaz, Paul Ngozi ndi Ngozi Family, inali yodzaza fuzz ndi wah. Mverani mmene ankaiikira pa mizere ya nsambo imodzi. Pa ma chord athunthu fuzz imangopanga matope, pamenepo ikani overdrive yopepuka. Ndipo popeza chimbale ndi cha pop, besi ya synth yoyenda limodzi ndi gitala ya besi, kuphatikiza piyano yomenya timawu tifupitifupi pa kolasi, zidzachititsa kuti chisamveke ngati chakale.

Mayi_wa_Kwaya_Katete:

Abambo awiriwa anena zoona, koma ayambira pa denga nyumba ilibe maziko. Musanajambule ngakhale mgugu umodzi, pezani kiyi ya mwini nyimbo. Kukuwa kumene mukumva pa kolasi ndi kiyi yolakwika, ndipo palibe makina amene angakonze zimenezo.

Zimachitika motere. Woyimba gitala amakonda E ndi A chifukwa nsambo zosagwira zimalira bwino pamenepo, ndipo nyimbo za mu bandi zinaikidwa pa kiyi yoyenera bambo amene ankatsogolera. Mwana wamkazi akazitenga momwemo, vesi imamutsikira kwambiri mpaka mpweya wokha, kolasi imamukwerera mpaka pakhosi kutseka. Azimayi ambiri mawu a pachifuwa amawathera pakati pa A4 ndi C5. Kupitirira apo amasamukira ku mawu a m'mutu, anthetemya aja, okoma ku kwaya koma opanda mano pa nyimbo ya mtundu uwu. Kolasi ya glam imafuna mawu a pachifuwa, ndiye nsonga yake ikhale theka la sitepe kapena sitepe imodzi pansi pa malire ake.

Muyeseni chonchi. Ayimbe kolasi kanayi motsatizana osapuma, pa kiyi imodzi. Apume mphindi 5, mutsitse theka la sitepe, abwereze. Kenako mutsitsenso. Sankhani kiyi imene ulendo wachinayi ukumveka ngati woyamba, osati imene ikusangalatsa ulendo woyamba wokha, chifukwa pa siteji adzayimba ola lathunthu. Gitala ndiyo itsatire. Ngati kamenyedwe kanapekedwa pa E koma iye akufuna G, capo (kopanira nsambo zonse) pa fret ya 3 ndipo zala siziyenera kusintha. Akafuna E flat kapena D, masulani nsambo zonse theka la sitepe kapena sitepe yathunthu.

Chachiwiri ndi chizolowezi. Munthu amene wayimba kumbuyo zaka 5 anaphunzira kubisala: kutalikira maikolofoni, kufewetsa zilembo, kusungunuka m'mawu a anzake. Ndi luso ndithu, koma tsopano likumupinga. Ayambe wayankhula mawu a vesi pa kayendedwe ka ng'oma, mokhala ngati akuuza munthu amene waima pakhomo, kenako awonjezere nyimbo pang'onopang'ono osasintha kayankhulidweko. Manzenene achepe, abwere kumapeto kwa mzere kokha.

Chachitatu, chimene ambiri sachiganizira, ndi chilankhulo. Chizungu chili ndi mawu ambiri a mphatikizo umodzi othera pa chilembo chotseka, n'chifukwa chake makolasi awo amadukaduka bwino pa ng'oma. Mawu onse a Chichewa amathera pa a, e, i, o, u, ndipo timakoka mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto. Umenewo ndi umene uyenera kugwera pa kugunda kwa ng'oma. Mawu ngati "bwera", "choka", "leka", "tiye" amayambira pa kugunda penipeni. Koma "tiyeni" amafuna kuti "ti" abwere kugunda kusanafike, "ye" ndiye agwere pa ng'oma. Mukakakamiza "ti" pa ng'oma, womvera wa ku Chadiza adzamva ngati akuyimba mzungu wophunzira chinenero. Kolasi yoti khamu liyankhe isapitirire maphatikizo 6 kapena 8 pa mzere. Samalaninso kakwezedwe ka mawu, poti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika zimasiyana pa kukweza kokha, ndipo nyimbo ikakwera pamene chilankhulo chimatsika tanthauzo limasokonekera. Werengani mzere uliwonse mokweza musanaupatse nyimbo.

Pojambula, akhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa condenser, pop filter pakati. Zilembo zathu za ph, th ndi kh zimaponya mpweya wambiri, choncho maikolofoni ikhale yokwera pang'ono, msinkhu wa mphuno, yoweramira kukamwa. Za ts, ps ndi s zimafuna de-esser (chofewetsa kuthwa kwa zilembo zimenezi) pakati pa 6 ndi 8 kHz. Jambulani pa 24-bit, pofuula kwambiri pasapitirire -10 dB. Nyimbo ziwiri pa tsiku, maola osapitirira atatu, madzi osazizira pafupi. Mawu akayamba kusasa, tsekani. Kukakamiza tsiku limodzi kumadyetsa mlungu wathunthu.

Mawu otsogolera atengedwe maulendo 5 kapena 6 n'kusankhamo zabwino. Pa kolasi ayimbenso kawiri kowonjezera, kumanzere ndi kumanja, kotsika ndi 8 dB. Magulu aja a ku Britain ankaunjika mawu okwera kwambiri pamwamba pa mwamuna wotsogolera. Kwa mzimayi tembenuzani: ikani amuna awiri octave imodzi pansi pake, ndi mawu amodzi okha okwera pamwamba. Mawu a khamu, anthu 6 mamita awiri kuchokera pa maikolofoni, maulendo atatu, ndipo awiri mwa iwo akhale osadziwa kuyimba bwino. A kwaya okhaokha amamveka ngati Lamulungu m'mawa. Autotune pa khamu musaike n'komwe, pa wotsogolera ikhale yochedwa kugwira, yongokonza osamveka.

Mlongo_wa_Woyimba:

Zikomo kwambiri amayi, za kiyi mwalasa. Nyimbo zonse zitatu za mu bandi zili pa E. Funso lina: pa gitala pakumveka kulira kwa "zzzz" kosalekeza, makamaka malaiti akazima tikayatsa inverter. Komanso tikufuna kutumiza kwa munthu wa ku Lusaka kuti akasakanize. Timutumizire chiyani kwenikweni?

Mawaya_Mchini:

Kulira kumeneko kuli mitundu iwiri. Kukakhala kung'ung'udza kwapansi, ndi magetsi athu a 50 Hz ndi ana ake pa 100 ndi 150 Hz. Kukakhala "zzzz" wakuthwa monga mwanenera, ndiye inverter yanu ndi ya modified sine wave, imene imatulutsa mafunde a makona m'malo mwa osalala, ndipo ma pickup a single coil amatola zonsezo ngati mlongoti. EQ siingachotse chifukwa phokosolo lamwazikana paliponse.

Njira yosalira ndalama: zulani chaja ya laputopu, iyende pa batire yake, interface idye kuchokera pa USB, gitala ilowe mwachindunji pa bowo la instrument, inverter izime. Jambulani gitala youma n'kuikapo amp ya m'kompyuta, kapena mudzaidutsitse pa amp yeniyeni tsiku lomwe malaiti alipo. Woyimba gitala atalikire laputopu ndi mababu a LED otchipa, azungulire pang'onopang'ono pa mpando mpaka apeze mbali imene kulira kwachepa, akhale choncho. Pa gitala ya ma pickup atatu, malo achiwiri ndi achinayi a switch nthawi zambiri amakhala achete.

Mukafuna kugula, gulani ya pure sine wave. Batire ya 12 V 100 Ah ili ndi 1,200 Wh, koma ya lead acid simuyenera kuidya kupitirira theka, ndiye muli ndi 600 Wh. Laputopu, interface ndi masipika awiri zikamadya 150 W, kuchotsapo zotayika mu inverter, ndi maola atatu ndi theka. Jenereta ikhale kunja, kutali ndi mawindo, chifukwa cha utsi wake wakupha komanso phokoso. Ndipo musadule mwendo wa earth pa pulagi ya amp pofuna kuthetsa kulira. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha amp, ndiye tsiku lomwe china chidzalakwika mkati, magetsi adzadutsa mwa munthu. Gwiritsani DI box (kabokosi kodutsitsapo gitala) yokhala ndi ground lift, switch yothetsa kung'ung'udza.

Zotumiza ku Lusaka: njira iliyonse (chida kapena mawu ojambulidwa) payokha, WAV ya 24-bit pa sample rate yomwe munajambulira, zonse zoyambira pa sekondi 0 ngakhale zitakhala chete mpaka pakati. Chotsani reverb ndi limiter, koma slapback itumizeni pa njira yakeyake kuti adziwe chimene mukufuna. Maina akhale omveka, BPM ndi kiyi zilembedwe pa foda. Mumulembere poyera kuti mgugu ndi manja asaziwongole ndipo asazisinthe ndi zake za m'kompyuta, apo ayi adzakubwezerani zoyera bwino koma zakufa. Za kukula: njira imodzi ya mono pa 48 kHz imadya 8.6 MB pa mphindi. Njira 40 za nyimbo ya mphindi zitatu ndi theka ndi 1.2 GB, nyimbo 9 zikupitirira 10 GB. Yerekezani mtengo wa bandulo ndi wotumiza flash pa basi ya pa Great East Road. Pa WhatsApp tumizani ngati document, osati ngati audio.

Zikabwera, musamvere pa masipika a mu situdiyo okha. Anthu anu adzamvera pa foni, pa kasipika ka Bluetooth ndi mu minibasi, zambiri mwa izi ndi mono ndipo besi yakuya sizitulutsa. Mgugu ukasowa pa foni, apemphedwe kuwonjezera saturation kuti umveke pakati pa 150 ndi 300 Hz. Magitala akazimirira mu mono, ndiye kuti mwina wina anakopera n'kuchedwetsa mbali imodzi m'malo mojambula kawiri. Pa master, Spotify imatsitsa nyimbo zofuula kufika pa -14 LUFS (muyeso wa kufuula kwa nyimbo), choncho kufinya mpaka -6 kumangopha ng'oma popanda phindu. Pakati pa -10 ndi -9 ndi pabwino kwa nyimbo zotere, true peak pa -1 dB.

Wamapepala_Chipata:

Funso la nyimbo zitatu zija palibe waliyankha, pamene ndilo lingagwetse chimbale chonse.

Nyimbo ili ndi umwini uwiri. Woyamba ndi wa kupeka, mawu ndi kayimbidwe kake. Wachiwiri ndi wa chojambulidwacho. Ngati bandi inajambulapo nyimbozo, chojambulidwa chakalecho ndi cha amene mgwirizano wawo ukunena, kawirikawiri amene analipira situdiyo, ndipo alongo anu sangatengemo ngakhale kachidutswa popanda chilolezo. Koma ngati anapeka okha mawu ndi kayimbidwe, ndipo sanasainire pepala lopereka umwiniwo kwa wina, angathe kuzijambulanso mwatsopano. Povuta ndi pamene woyimba gitala wa bandi ndi amene anabweretsa kamenyedwe kamene anthu amaidziwira nyimboyo, kapena wina anawonjezera vesi. Ameneyo adzati tinapeka tonse, ndipo mwina sakunama.

Choncho khalani nawo pansi tsopano, chimbale chisanamveke pa wayilesi, pamene nyimbozo zisanakhale ndi mtengo. Nyimbo iliyonse ikhale ndi pepala lake: dzina la nyimbo, maina a opeka monga alili pa chitupa cha NRC, gawo la aliyense mwa maperesenti okwana 100, tsiku, siginecha ndi mboni. Ngati wina akukana kusaina, isiyeni nyimboyo. Mukhala ndi 8 kapena 6, si imfa. Masitolo a pa intaneti amawerenga nyimbo 7 kupita m'tsogolo, kapena zopitirira mphindi 30, ngati chimbale chathunthu, ndipo 4 mpaka 6 zosafika mphindi 30 ngati EP, chimbale chachifupi.

Aliyense wobwera kudzaponda thabwa, kuomba m'manja kapena kumenya gitala asaine kapepala konena kuti walipidwa ndipo chojambulidwacho ndi cha woyimba. Inde, ngakhale msuweni. Wosakaniza wa ku Lusaka nayenso zilembedwe ngati akulandira malipiro okha kapena ndi gawo. Dzina la bandi yakale lisaoneke pa chikuto popanda chilolezo chawo.

Lamulo lake ndi Copyright and Performance Rights Act ya 1994. Alongo anu alembetse ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ku Zambia, ngati wopeka ndi kulembetsa nyimbo iliyonse ndi magawo omwe ali pa mapepala aja, chifukwa bungweli ndi limene limatolera ndalama kwa oulutsa ndi oseweretsa nyimbo pagulu. Kutsidya kwa malire a Mwami, ku Malawi, ntchito yomweyi ndi ya bungwe la COSOMA, ndipo nyimbo ya Chichewa yochokera ku Chipata siichedwa kuwoloka kupita ku Mchinji ndi Lilongwe.

Potulutsa: wofalitsa wa pa intaneti adzafuna WAV ya 16-bit 44.1 kHz kapena kuposa, ndi chikuto cha 3000 kwa 3000 pixels. Nyimbo iliyonse idzalandira ISRC, nambala yoizindikiritsa ya zilembo 12. Isungeni, ndipo nyimbo imene yatuluka yokha poyamba ikalowa mu chimbale ikhale ndi ISRC yomweyo kuti chiwerengero cha omvera chisayambirenso. Kwezani milungu 4 tsiku lisanafike, poti Spotify imafuna masiku osachepera 7 kuti mupereke nyimbo kwa akonzi ake. Boomplay, Audiomack ndi YouTube zisatsale. Ku Breeze FM ndi mawayilesi ena a m'chigawo chino pititsani MP3 ya 320 kbps yolembedwa dzina la woyimba ndi la nyimbo m'kati mwa fayilo, osati "final mix 3".

Telala_wa_Siteji:

Nonse mwakamba za khutu, koma glam theka lake ndi diso. Marc Bolan anaonekera pa pulogalamu ya pa TV ya Top of the Pops mu 1971 atapaka zonyezimira pansi pa maso, ndipo ambiri amawerengera chiyambi cha glam pamenepo. Majombo okwera kunsi ndi majekete onyezimira amapezeka pa salaula mukafufuza modekha ku Kapata. Nsalu ya ma sequin isokedwe ndi lining ya thonje, apo ayi imakanda khungu, ndipo m'khwapa ndi m'mbali mwa chiuno muike nsalu wamba chifukwa ma sequin amakola tsitsi, lamba wa gitala ndi chingwe cha maikolofoni. Zonyezimira za kumaso zikhale zopangira khungu, zija za ana a sukulu zokongoletsera mapepala ndi zakuthwa ndipo zimacheka diso. Kutentha kwa Okutobala kuno kumasungunula zopakapaka m'mphindi zochepa, jambulani kanema m'mawa kapena mudikire Juni. Kamera ikhale pa 25 fps ndi shutter ya 1/50, kuti magetsi a 50 Hz asaphethire pa chithunzi.

Mwina wina adzakuuzani kuti muike zigoba za Gule Wamkulu mu kanema kuti pakhale zodabwitsa. Ine ndikuti ayi.

Wang'oma_Kapata:

Apo tagwirizana, a telala. Gule ali ndi eni ake ndi malamulo ake, si chovala cha pa siteji, ndipo ku Katete ndi ku Chadiza nkhani yotere siingathere pa Facebook. Mikanda, nthenga zogula ndi chitenje chosokedwa ndi siliva zikwanira.

Ndinaiwala chimodzi pa mgugu. Oponda thabwa avale mahedifoni otseka, ndipo click (kugunda kosungitsa liwiro komveka m'mahedifoni) ikhale yotsika, chifukwa condenser ya mamita awiri ija imatola kalikonse ndipo mukadzafinya ndi compressor click idzatulukira poyera pakati pa mapazi. Ngati mahedifoni ndi amodzi okha, avale mmodzi wodziwa kusunga liwiro, aime kutsogolo, enawo aziyang'ana bondo lake.